Mlamba ukatuluka m'thanki: kasungidwe ka nsomba za ndevu m'nyumba ndi malire a kupirira kwake

Aliyense amene anagulapo mlamba wamoyo kwa asodzi a mumtsinje wa Zambezi kapena wa Revúbuè amadziwa kuti nsomba imeneyi siifa msanga. Imachoka kumtsinje m'mawa itakulungidwa m'chiguduli chonyowa, imafika pakhomo dzuwa litakwera, ndipo pamene mayi akunola mpeni imakhala ikugwedezabe mchira m'beseni. Mbiri imeneyi ndi imene imanyenga anthu ambiri amene ayamba kusunga nsomba za ndevu m'thanki ya galasi, imene ena kuno ku Tete amaitcha akwariyo potengera Chipwitikizi. Amaganiza kuti popeza nsombayo imapirira kunja kwa madzi, ndiye kuti ipiriranso madzi alionse amene aiyikamo, chikhalirecho m'thanki yapakhomo nsomba zotere zimafa kawirikawiri ndi madzi oipa kusiyana ndi kusowa madzi.

Kuti muisunge bwino, muyambe mwadziwa chimene chimaipatsa mphamvu imeneyi. Nsomba wamba imapuma ndi makha, tiziwalo tofiira tija tili kuseri kwa mutu, ndipo makhawo amagwira ntchito pokhapokha madzi akamadutsa pakati pa timizere take topyapyala. Nsomba ikatulutsidwa m'madzi, timizereto timamatirirana ngati nthenga za nkhuku yonyowa ndi mvula, malo olowera okosijeni amachepa, ndipo nsombayo imabanika ngakhale kuti mpweya umene waizungulira uli ndi okosijeni wochuluka kuposa wa m'madzi. Mlamba, umene akatswiri amautcha Clarias gariepinus ndipo William Burchell anaulemba m'mabuku koyamba mu 1822, uli ndi chiwalo china pamwamba pa makha, m'kati mwa chigaza chake chophwatalalacho. Chiwalochi chili ndi nthambi ngati kamtengo, n'cholimba moti sichifota chikakhala pamtunda, ndipo chili ndi mitsempha yambiri ya magazi imene imatenga okosijeni mumpweya umene mlamba wameza. Amene amaphika mutu wa mlamba anakaonapo kamtengo kameneka, kungoti mwina sanadziwe ntchito yake. Vundu wa ku Cahora Bassa, amene amatha kupitirira makilogalamu 50, ndi wa banja lomweli ndipo ali nacho chiwalochi.

Nsomba za ndevu zimene zimagulitsidwa ngati zokongoletsa m'nyumba zambiri zimachokera ku South America, ndipo zinapeza njira zawozawo. Timilamba tating'ono ta Corydoras, totalika masentimita asanu kapena asanu ndi awiri, timathamangira pamwamba, n'kumeza mpweya, ndipo okosijeni amalowa m'magazi kudzera m'matumbo. Pleco, nsomba ya khungu lolimba ngati fulu imene imakakamira pagalasi ndi pakamwa pake, imagwiritsa ntchito chifu chake m'njira yofananayo, ndipo imatha kukhala maola ambiri pamtunda ngati pali chinyezi. Koma si nsomba iliyonse ya ndevu imene ili ndi mwayi umenewu. Nkholokolo, zimene zimalira zikagwidwa chifukwa chokhukhuza minga yake ya m'mbali, zilibe chiwalo chopumira pamtunda, ndipo kampango wa m'nyanja ya Malawi nayenso alibe. Choncho musamaone ndevu zokha n'kuganiza kuti mwagula nsomba yosafa.

Pali nkhani ina imene imanenedwa kwambiri kumidzi, yakuti mlamba umagona m'dothi louma chilimwe chonse kudikira mvula. Nsomba imene imachita zimenezi ndi dowe wa kumunsi kwa Zambezi ndi Shire (osati dowe wa chimanga), amene ali ndi mapapo ndipo amadzikulunga m'kathumba kouma pansi pa nthaka. Mlamba umapirira m'thamanda limene latsala matope okhaokha, ndipo usiku wa mvula kapena wa mame umatha kukwawa pa udzu pogwiritsa ntchito minga yake kuti ukapeze madzi ena, koma matopewo akauma gwa nawonso umafa. Malire ake ndi amenewa: khungu ndi makha zikhale zonyowa, ndiponso pasatenthe. Ndiye palinso vuto lachitatu losaoneka ndi maso, lakuti nsomba imataya amoniya, amene ndi mkodzo wake, kudzera m'makha kupita m'madzi, ndipo ikakhala pamtunda poizoni ameneyu amaunjikana m'magazi. N'chifukwa chake nsomba imene mwaipeza pansi ikupumabe imatha kudzafa mawa lake ili m'madzi abwino.

Kusankha nsomba ndi thanki

Ine sindilimbikitsa munthu amene akuyamba kumene kuti aike mlamba wa mumtsinje m'thanki ya m'chipinda chochezera. Kamlamba kofanana ndi chala kamaoneka kofatsa, koma kamakula mofulumira kwambiri, kamadya chilichonse chimene chingalowe m'kamwa mwake kuphatikizapo abale ake, ndipo mlamba wokhwima umatha kupitirira mita. Malo ake ndi dziwe lokumba kapena thanki ya simenti panja. Pleco wamba nayenso amagulitsidwa ali wamng'ono, koma amafika masentimita 30 mpaka 50, ndipo wogulitsa sakuuzani zimenezi pokhapokha mutafunsa. Ngati mukufuna nsomba yodya ndere pagalasi, funani mtundu wa Ancistrus umene umalekezera pa masentimita 12 mpaka 15. Timilamba ta Corydoras ndi tabwino kwa woyamba, koma tigulidwe tisanu ndi kamodzi kapena kuposerapo chifukwa timakhala m'gulu, ndipo kamodzi kokha kamangobisala osadya.

Kukula kwa thanki mumakudziwa pochulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, kenaka n'kugawa ndi 1,000. Thanki ya masentimita 60 ndi 30 ndi 30 imalowa malita 54, ndipo ndi yokwanira kagulu ka Corydoras. Ya masentimita 100 ndi 40 ndi 50 imalowa malita 200, zimene zikutanthauza makilogalamu 200 a madzi okha, choncho tebulo loikapo likhale lolimba ndi losapendekeka. Kwa nsomba za pansi, thanki yotambalala ndi yabwino kuposa yaitali m'mwamba, chifukwa zimafuna malo oyendapo ndiponso madzi otambalala amalandira okosijeni wambiri. Pansi pake muike mchenga wosalala wa kumtsinje umene mwautsuka kambirimbiri mpaka madzi kuyera. Miyala yoswa ya pamsewu imadula ndevu, ndipo ndevuzo ndi zimene nsomba imalawira ndi kufufuzira chakudya mumdima. Muikemonso pobisala, monga chidutswa cha paipi ya pulasitiki kapena kamphika kadothi katsopano kogonekedwa cham'mbali.

Tsopano nkhani ya chivundikiro, imene ndi mtima wa zonsezi. Thanki ya nsomba za ndevu iyenera kuvundikiridwa nthawi zonse, ndipo chivundikirocho chikhale cholemera kapena chomangika, chifukwa mlamba wa masentimita 20 umatha kukankha galasi lopepuka ndi mutu wake. Mabowo onse odutsa mawaya ndi mapaipi muwatseke ndi siponji kapena neti, pakuti pamene mutu wadutsa thupi loterera limatsatira. Komabe musadzaze madzi mpaka kukhudza chivundikirocho. Musiye mpata wa zala zitatu kapena zinayi, ndipo mpweya uzitha kulowa ndi kutuluka, chifukwa nsomba yopuma mpweya ikatsekeredwa njira ya pamwamba m'madzi ochepa okosijeni imamira ngati munthu. Ine ndinaphunzira zimenezi mochedwa. Usiku wina mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, mlamba umene mwana wanga anauweta kuchokera uli waung'ono unakankha katoni imene ndinavundikira nayo, ndipo m'mawa tinaupeza kuseri kwa thumba la chimanga, utadzola fumbi thupi lonse. Si zodabwitsa kuti unasankha usiku umenewo, pakuti kutchire milamba imakwera mitsinje ndi kulowa m'madambo osefukira mvula ikayamba, kukaikira mazira pa udzu womira.

Mukaipeza pansi

Chinthu choyamba ndi kusafulumira kunena kuti yafa. Nsomba zimenezi zimatha kuoneka zouma, zipsepse zitakhwinyata, maso atachita mbuu, koma zikadali ndi moyo. Nyowetsani manja anu musanaikhudze, chifukwa dzanja louma limachotsa zoterera za pakhungu zimene zimaiteteza ku matenda, ndipo muigwire kumbuyo kwa minga ya m'mbali kapena muitolere pa nsalu yonyowa yosalala. Tungani madzi a m'thanki momwe inatulukamo, muwathire m'beseni loyera limene silinakhudzepo sopo, ndipo akhale osaya, ongokwanira kumiza msana, kuti nsomba yofookayo ithe kufika pamwamba popanda kusambira kwambiri. Musaiponye m'madzi a pampopi otunga kumene poganiza kuti ndi abwino koposa, chifukwa klorini amawotcha makha amene avulala kale, ndiponso madzi ozizira mwadzidzidzi amaimaliza.

Fumbi ndi tsitsi zimene zamatirira zisiyeni zinyowe ndi kuchoka zokha, kapena muzithire madzi pang'onopang'ono ndi kapu. Musapukute ndiponso musasende. Ngati muli ndi kapampu ka mpweya, kalowetseni m'beseni, ndipo ngati mulibe, muzitunga madzi ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba pang'ono kumbali ya beseni kuti azisakanikirana ndi mpweya. Yang'anani zivundikiro za makha ndi pakamwa. Zikamagwedezeka ngakhale pang'ono, pitirizani, ndipo mupatse nsombayo ola lathunthu musanataye mtima. Ena amaigwira n'kumaikankhira kutsogolo ndi kumbuyo m'madzi, koma kuikokera chambuyo kumapinda timizere ta makha, choncho ndi bwino kungoiimika chamimba pansi pamalo pamene madzi akuyenda.

Ikayamba kudziimika yokha, sinthani theka la madzi a m'beseni ndi ena a m'thanki pakatha maola angapo, chifukwa pa nthawi imeneyi imakhala ikutaya amoniya yense amene anaunjikana. Vundikirani beseni, muliike pamdima, ndipo musaipatse chakudya tsiku limodzi kapena awiri. M'sabata yotsatira nsonga za zipsepse zimene zinauma zimatha kuthothoka, koma zimameranso ngati madzi ali oyera. Chimene muyenera kuopa ndi zoyera zonga thonje pakhungu kapena zilonda zofiira. Zikaoneka, yambani ndi kusintha madzi pafupipafupi musanathamangire mankhwala, pakuti nsomba za ndevu zilibe mamba ndipo mankhwala ambiri a nsomba, makamaka okhala ndi kopa (mkuwa), amazipweteka pa mlingo umene nsomba za mamba zimapirira. Mchere umene alimi a milamba amathira m'madziwe sukondedwa ndi Corydoras, choncho musatengere zimene mnzanu wa dziwe amachita.

Mukatha zonsezi mudzifunse chimene chinaitulutsa. Nthawi zina ndi mvula kapena mantha a m'malo achilendo, ndipo masiku oyamba mutaigula ndi amene imadumpha kwambiri. Nthawi zina ndi nsomba inzake imene ikuilanda pobisala usiku. Koma kawirikawiri chimakhala madzi. Corydoras akamakwera kukameza mpweya mwa apo ndi apo palibe vuto, koma akamakwera motsatizanatsatizana, kapena pleco akamakakamira pagalasi mphuno ili kunja kwa madzi, akukuuzani kuti pansipo sipakukhalika.

Madzi, kutentha ndi magetsi

Amoniya wochokera m'makha, m'ndowe ndi m'chakudya chotsala amasandulizidwa ndi mabakiteriya okhala mu fyuluta (chosefera madzi a m'thanki) ndi mumchenga kukhala nayitiraiti, amene ndi poizoninso, kenaka nayitireti amene ndi wofatsa ndipo amachotsedwa posintha madzi. M'thanki yatsopano mabakiteriyawa amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti achuluke, choncho muyambe ndi nsomba zochepa ndi chakudya chochepa. Vuto la nsomba zopirira lili apa: chambo chikadakhala chitafa kale n'kukuchenjezani, pamene mlamba umangomeza mpweya pamwamba n'kumapitiriza kukhala m'madzi amene akuuwotcha pang'onopang'ono, mwini wake n'kumaona ngati zonse zili bwino mpaka ndevu zitayamba kufupika. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, mukukoka zinyalala za pansi ndi kapaipi, ndipo muthire ena ofanana kutentha kwake. Madzi a pampopi agone m'ndowa yosavundikira kwa maola 24 kapena muwathire mankhwala ochotsa klorini. Madzi a pachitsime kapena pamjigo alibe klorini koma amakhala ndi okosijeni wochepa, choncho nawonso agone ndi kutakasidwa. Siponji ya fyuluta muziifinyira m'madzi amene mwachotsa m'thanki, osati pampopi, kuti musaphe mabakiteriya. Ndowa ya nsomba ikhale yakeyake, yosachapiramo ndiponso yosasungunuliramo mankhwala a kumunda, ndipo tsiku lopopera mankhwala a udzudzu m'nyumba muzimitse kapampu ndi kukuta thanki ndi nsalu, popeza nsomba zimenezi zimameza mpweya wa m'chipindacho.

Chigawo chathu chili ndi nyengo ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo malangizo a woweta wa ku Ulongue sangagwire ntchito ku Moatize osasinthidwa. Mumzinda wa Tete ndi m'chigwa chonse cha Zambezi, mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo thanki imene ili pafupi ndi zenera kapena pansi pa malata opanda siling'i imafika msanga pa madigiri oposa 30. Madzi a madigiri 20 amasunga mamiligalamu pafupifupi 9 a okosijeni pa lita, pamene a madigiri 30 amasunga pafupifupi 7.5, ndipo pa nthawi yomweyo nsomba imafuna okosijeni wambiri ndiponso amoniya amakhala waukali koposa. Mlamba umakondwa pa madigiri 25 mpaka 30, koma Corydoras ambiri amafuna 22 mpaka 26. Ikani thanki pakhoma lozizira la m'kati, lozetsani fani pamwamba pa madzi kudzera pa chivundikiro cha neti, ndipo masana otentha zedi muyandamitsemo botolo la madzi oundana lotseka bwino, koma kutentha kuzitsika pang'onopang'ono. Ku Angónia ndi Tsangano vuto limatembenuka, chifukwa usiku wa mu Juni ndi Julayi madzi amazizira mpaka nsomba kusiya kudya ndi kugwidwa ndi matenda a timadontho toyera, ndiye kumeneko chofunika ndi hita ya m'thanki kapena kukuta thankiyo ndi bulangeti usiku.

Magetsi akazima, nsomba za ndevu zopuma mpweya zimapirira kuposa zina, koma mabakiteriya a mu fyuluta amayamba kufa pakapita maola angapo madzi osayenda. Siyani kudyetsa, chifukwa nsomba yathanzi imakhala masiku angapo osadya popanda vuto, ndipo muzitunga ndi kuthira madzi ndi jagi nthawi ndi nthawi. Magetsi akachedwa kubwera, tsegulani fyuluta, mutaye madzi onunkha amene ali m'kati mwake musanaiyatsenso. Kapampu koyendera mabatire ndi kothandiza kukhala nako.

Pa chakudya sindichulukitsa mawu. Muzidyetsa madzulo, chakudya chomira, chongokwanira kutha m'mphindi zochepa. Nyongolotsi zotsuka ndi ngumbi ndi zabwino kwa milamba ndi nkholokolo, pamene pleco amafuna kachidutswa ka nkhaka kapena dzungu ndiponso chikuni chouma chomira choti azipala. Zoti pleco amadya ndowe za nsomba zina ndi bodza. Nsima ndi buledi zimangovunditsa madzi.

Kunyamula nsomba pa ulendo wa chapa (minibasi), mwachitsanzo kuchokera ku Tete kukwera ku Ulongue, kumafuna kukonzekera dzulo lake. Musaidyetse kwa maola 24 kuti isaipitse madzi m'njira. Musaigwire ndi kaukonde, chifukwa nsomba za ndevu zikaopsedwa zimatambasula minga n'kuikhoma, ndipo mingayo imakodwa mu ulusi moti mumakakamizika kudula ukondewo. Ikuseni ilowe mu jagi kapena m'chitini chapulasitiki. Minga yomweyo imaboola mapepala apulasitiki, choncho chigubu chodula pakamwa kapena ndowa ya chivundikiro chobowola ndi yabwino koposa, madzi akhale gawo limodzi mwa atatu ndipo kotsalako kukhale mpweya. Musaiike padzuwa kapena pafupi ndi injini. Musapanikize Corydoras ambiri m'madzi ochepa, popeza akavutika amatulutsa poizoni amene amatha kuwapha okha. Mukafika, muzithira madzi a m'thanki pang'onopang'ono m'chotengeracho kwa theka la ola, kenaka musamutse nsomba yokha, madzi a paulendo mutaye. Munga ukakubayani, tsukani bala ndipo muviike dzanja m'madzi otentha amene mungawapirire osapsa, chifukwa kutentha kumachepetsa ululu, koma dzanja likatupa kwambiri kapena munga ukathyokera m'kati pitani kuchipatala.

Pleco akakula kuposa thanki, musakamutaye mumtsinje, m'dambo kapena mu ngalande. Kupirira kumene kumamupulumutsa pansi pa tebulo lanu ndi kumenenso kwamuchititsa kukhala chilombo m'mitsinje ya ku Florida, Mexico ndi Philippines, kumene amakumba mauna m'magombe ndi kung'amba maukonde a asodzi, ndipo anakhazikikanso mumtsinje wa Nseleni ku KwaZulu-Natal. Mlamba wa ku Asia wotchedwa Clarias batrachus unathawa m'madziwe a ogulitsa nsomba ku Florida m'zaka za m'ma 1960 n'kufalikira pokwawa pamtunda. Ife a m'mbali mwa Zambezi tikudziwa mmene nsomba yachilendo imayendera, pakuti kapenta amene amagwidwa ku Cahora Bassa anachokera m'nyanja ya Tanganyika, anathiridwa ku Kariba mu 1967 ndi 1968, ndipo anatsika yekha ndi mtsinje. Madzi ofunda a m'chigwa chathu ndi ofanana ndi a kwawo kwa pleco, choncho nsomba imene yakukulirani muipereke kwa woweta wina amene ali ndi thanki yaikulu, muibweze kwa wogulitsa, kapena muimangire thanki ya simenti yokhala ndi khoma lokwera bwino pamwamba pa madzi ndi neti yomangika, kutali ndi njira imene madzi a mvula amadutsa popita kumtsinje.